Beethoven anali munthu wa ufulu, Shostakovich wongoombera m'manja Stalin?

Funso

Ndimaphunzitsa kwaya pa mpingo wathu ku Zomba, ndipo chaka chino ndayamba kumvetsera nyimbo za classical pa foni. Mnzanga wina amene anaphunzira nyimbo kunja akuti Beethoven anali munthu wa ufulu, wosaopa mafumu, pomwe Shostakovich wa ku Russia anali wongoombera m'manja Stalin. Kodi n'zoona? Chinanso chimene sindikumvetsa n'chakuti ndale zingalowe bwanji m'nyimbo yopanda mawu, ya zing'wenyeng'wenye zokhazokha?

Yankho

Aphunzitsi, mnzanuyo sananame, koma nkhaniyi waidula pakati. Ndiyambe ndi funso lanu lachiwirili, chifukwa likayankhidwa, loyambalo lifewa.

Inu mukudziwa kuti mnyamata wa gitala atha kukhala pansi pa mtengo n'kuimba chilichonse chimene chili kukhosi kwake, koma kwaya ya anthu 40 imafuna tchalitchi chophunziriramo, yunifolomu, galimoto, komanso chilolezo cha abusa ndi akulu ampingo. Symphony, nyimbo yaitali ya magawo angapo yoimbidwa ndi gulu lalikulu la oliza zida lotchedwa orchestra, ndiye imaposa pamenepo. Kuti imveke pamafunika oliza zida 60, 80, nthawi zina kupitirira 100, holo yaikulu, anthu okopera pamanja manoti a woimba aliyense, ndi masiku oyeserera, onsewo olipidwa. Ikakhala opera, sewero lochitika moimba, muwonjezerepo zovala, oimba pakamwa ndi nyumba ya zisudzo imene boma linkaiyang'anitsitsa. Wopeka nyimbo zoterezi sakanatha kuyenda yekha. Panali wina wotulutsa ndalama, panalinso wina wamphamvu zotseka chitseko cha holoyo, ndipo kawirikawiri awiriwa anali munthu mmodzi. Ndale zinkalowera pamenepo. N'chifukwa chake ine poyerekeza anthuwa ndimayamba ndafunsa kuti ankamulipira ndani, ndipo akanalakwitsa chikanamuonekera n'chiyani.

Tengani Joseph Haydn, amene anamuphunzitsako Beethoven. Mu 1761 analembedwa ntchito ndi akalonga a banja la Esterházy, ndipo anawagwirira pafupifupi zaka 30. Mgwirizano wake woyamba unkati azivala yunifolomu, azionekera tsiku lililonse kudzamva ngati bwana akufuna nyimbo, ndipo zimene wapeka zikhale za bwanayo. Madandaulo ankawapereka mwaulemu, m'nyimbo momwemo. Mu 1772 kalonga Nikolaus anakhalitsa ku nyumba yake ya kumidzi ku Hungary, oimba n'kuyamba kupukwa mabanja awo amene anatsala ku Eisenstadt. Haydn anapeka Symphony No. 45, imene kumapeto kwake oimba amasiya mmodzimmodzi. Munthu akamaliza gawo lake ankazimitsa kandulo yake n'kutuluka, mpaka kutsala awiri okha a vayolini. Kalonga anamva, onse n'kubwerera kwawo. Apa mwaona kale kuti nyimbo yopanda mawu itha kulankhula, bola omverawo akhale akudziwa chimene chili pabwalo.

Mozart analibe kupirira koteroko. Mu 1781 anakangana ndi bwana wake, bishopu wamkulu wa ku Salzburg, ndipo nduna ya bishopuyo inamutulutsa ndi theche. Opera yake ya 1786, Le nozze di Figaro, ndi nkhani ya wantchito amene akupusitsa bwana wofuna kumulowera pachibwenzi. Sewero limene anatengako nkhaniyi linali loletsedwa ku Vienna, choncho wolemba mawu, Lorenzo Da Ponte, anachotsamo malankhulidwe onyoza olemekezeka kuti mfumu Joseph II ivomereze. Koma Figaro akamaopseza bwana wake, Mozart amamuimbitsa pa kayendedwe ka minuet, gule wa olemekezeka omwewo. Chipongwe chinachoka m'mawu n'kukabisala m'gule.

Tsopano Beethoven. Anabadwira ku Bonn mu 1770, ndipo anali ndi zaka 18 pamene anthu a ku France anaukira mfumu yawo mu 1789. Maganizo a nthawi imeneyo, akuti munthu alemekezedwe chifukwa cha zimene angathe osati chifukwa cha mimba imene anabadwamo, anamulowa mpaka imfa. Symphony yake yachitatu, Eroica, anaipeka mu 1803 ndi 1804 akuganizira Napoleon Bonaparte, mwana wa banja losatchuka la ku Corsica amene anakwera ndi luso lake lokha. Mukaimvetsera mutangomva ya Haydn, mudzaona kuti china chake chasweka. Ilibe odi: imangoyamba ndi kugunda kuwiri kwamphamvu kwa orchestra yonse. Imatenga mphindi pafupifupi 50, pomwe zambiri za nthawiyo zinkatha theka la ola lisanakwane. Pakati pa gawo loyamba pali malo amene mawu osagwirizana amaunjikidwa dala mpaka khutu kuwawa. Gawo lachiwiri ndi nyimbo yoperekeza maliro a ngwazi, mtundu wa nyimbo zimene zinkamveka pa maliro a boma ku Paris m'zaka za kuukirako. Ndale zili m'kukula kwa nyimboyo, m'ukali wake, ndi m'chimene ikukamba: munthu mmodzi wolimbana, wogwa, wodzukanso.

Napoleon atalengezedwa kukhala mfumu mu Meyi 1804, wophunzira wa Beethoven, Ferdinand Ries, analemba kuti mphunzitsi wakeyo anapsa mtima, nati nayenso ndi munthu wamba basi ndipo adzapondereza ufulu wa anzake, n'kung'amba tsamba loyamba. Kope lina lidakalipo ku Vienna, dzina la Bonaparte litafufutidwa mwaukali mpaka pepala kubooka.

Nkhani ya mnzanuyo imathera apa, koma pali zotsatira. Patangopita miyezi itatu, mu Ogasiti 1804, Beethoven yemweyo analembera kampani yosindikiza manoti ya ku Leipzig kuti dzina lenileni la symphony imeneyi ndi Bonaparte. Itasindikizidwa mu 1806 inaperekedwa kwa kalonga Lobkowitz, amene anailipira ndipo inayambira kuimbidwa m'nyumba mwake. Mu 1808 mng'ono wake wa Napoleon, Jérôme, amene anaikidwa ufumu ku Westphalia, anamuitana kuti akakhale mkulu wa nyimbo ku Kassel, ndipo Beethoven anavomera. Chinamuletsa si chikumbumtima ayi. Akalonga atatu a ku Vienna, Rudolph, Kinsky ndi Lobkowitz, analonjeza kumamupatsa ma florin 4,000 pachaka kuti asachoke. Mu 1813 anapeka nyimbo yokondwerera kugonja kwa asilikali a France ku Vitoria, yodzaza mizinga ndi mfuti. Kwa ine imeneyo siifika pa msinkhu wake, koma inamubweretsera ndalama ndi kutchuka kuposa ntchito zake zambiri zabwino. Chaka chotsatira mafumu a ku Ulaya atasonkhana ku Vienna kudzagawana mayiko, iye anawapekera nyimbo yowatamanda. Ngakhale Symphony No. 9 ya 1824, ija yoimba kuti anthu onse adzakhala pachibale, inaperekedwa kwa mfumu ya Prussia, Friedrich Wilhelm III.

Sindikunena izi kuti ndimugwetse. Opera yake, imodzi yokhayo, Fidelio, ndi nkhani ya mayi amene wavala ngati mwamuna n'kulowa ntchito kundende kuti apulumutse mwamuna wake, wotsekeredwa popanda mlandu chifukwa choulula zoipa za mkulu wa ndendeyo. Muli malo amene akaidi amatulutsidwa kuti aothereko dzuwa. Amayamba kuimba motsitsa kwambiri, ngati anthu oiwala kukoma kwa mpweya wapanja, kenaka wina n'kuwachenjeza kuti alankhule monong'ona chifukwa pali maso ndi makutu. Abambo a kwaya yanu ataiphunzira imeneyo, palibe mumpingomo angafunse tanthauzo lake. Koma onani mathero: wobwera kudzamasula akaidi si anthu oukira, ndi nduna ya mfumu yabwino. Vienna inkalola ufulu wolekezera pamenepo. Ndipo chachikulu n'chakuti ngakhale m'nthawi ya Metternich, nduna yamphamvu ya boma la Austria, akazitape ali ponseponse, Beethoven ankanyoza akuluakulu a boma m'malo odyera mokweza mawu, koma sanagonepo m'chitokosi chifukwa cha nyimbo kapena pakamwa pake. Choipitsitsa chimene chikanamugwera chinali kutaya womulipira.

Tisanafike ku Russia, tiime kaye pa anthu awiri obadwa chaka chimodzi, 1813.

Giuseppe Verdi amadziwika ngati mawu a ufulu wa Italy, dziko limene panthawiyo linali zidutswazidutswa, kumpoto kukulamulidwa ndi Austria. Kwaya ya akapolo a Chiheberi mu Nabucco ya 1842, olira dziko lawo ali ku Babulo monga mu Salimo 137, inadzasanduka ngati nyimbo ya fuko yachiwiri. Koma ofufuza atayang'ana nyuzipepala za nthawiyo sanapeze umboni woti omvera oyambawo anaimva ngati nyimbo ya ndale. Tanthauzo limenelo linakula pambuyo pake. Pamene ndale zinamugwiradi Verdi ndi pa tebulo la a boma ounika zisudzo. M'sewero la Victor Hugo limene Rigoletto ya 1851 inachokera, wachimasomasoyo ndi mfumu ya France. Akuluakulu a Austria ku Venice anakana kuti mfumu ionetsedwe ikuchita zachiwerewere wina n'kuikonzera chiwembu, ndiye anaitsitsa n'kukhala kalonga wa ku Mantua. Un ballo in maschera inavuta koposa. Nkhani yake inachitikadi: mfumu Gustav III ya Sweden inawomberedwa mu 1792 pa dansi imene anthu ankavala zophimba nkhope. Mu Januwale 1858, Verdi akukonzekera kuionetsa ku Naples, munthu wina wa ku Italy, Felice Orsini, anaponya mabomba ku Paris pofuna kupha mfumu ya France, Napoleon III. Ounika aja anafuna kusintha pafupifupi chilichonse, nkhani inafika kukhoti, Verdi n'kunyamula opera yake ulendo wa ku Rome. Kumeneko inaonetsedwa mu 1859, mfumu ya Sweden itasanduka bwanamkubwa wa ku Boston, ku America. Ine ndimaona kuti kulimbana kotereku kunamunola: mawu ounika ankatha kuwawerenga n'kuwadula, koma kulira kwa mawu a woimba analibe nako lumo. M'zaka zomwezo pa makoma panayamba kulembedwa "Viva VERDI", zilembo za dzina lake zikuimira Vittorio Emanuele, mfumu ya Italy. Mu 1861 nduna yaikulu Cavour inamuumiriza kulowa nyumba ya malamulo yoyamba ya dzikolo. Analowadi, koma mtima unali ku minda yake ku Sant'Agata.

Richard Wagner ndiye anapitadi kumsewu. Mu Meyi 1849 anthu a ku Dresden ataukira mfumu ya Saxony, iye anali nawo, pamodzi ndi Mikhail Bakunin, woukira boma wa ku Russia, mpaka kukwera pansanja ya tchalitchi kukazonda asilikali. Kuukirako kutalephera anathawira ku Switzerland, chikalata chomumanga chikumulondola, ndipo anatha zaka 11 osaponda ku Germany. Ring, maopera anayi otenga maola pafupifupi 15, inayamba kulembedwa m'nyengo imeneyo, ndipo ndale zake zili poyera: golide wobedwa, mphete yopatsa ulamuliro munthu amene wakana chikondi, mulungu womangidwa ndi mapangano ake omwe, ndi ufumu umene umapsa pomaliza. Koma analipira kuti zonsezi zimveke ndi mfumu, Ludwig II wa ku Bavaria, amene anayamba kumubwezera ngongole mu 1864 n'kuthandizanso kumaliza nyumba ya zisudzo ya ku Bayreuth, yotsegulidwa mu 1876. Wagner yemweyu analemba nkhani yachidani yonyoza Ayuda pa nyimbo mu 1850 atabisa dzina, n'kuitulutsanso mu 1869 dzina lake lili pamwamba. Anamwalira mu 1883, Hitler asanabadwe, choncho sitingamusenzetse zimene a Nazi anachita. Koma chidanicho chinali chake, ndipo banja lake linamulandira Hitler ku Bayreuth ndi manja awiri. Mpaka lero ku Israel nyimbo zake siziimbidwa kawirikawiri pagulu, ngakhale palibe lamulo loletsa. Ngati muyeso ukanakhala kuika moyo pachiswe chifukwa cha ndale, Wagner akanawaposa Verdi ndi Beethoven omwe, ndipo sindikhulupirira kuti mnzanuyo angakondwe ndi mapeto amenewo.

Dmitri Shostakovich anabadwa mu 1906. Kwa iye wolipira, wounika, mwini holo, mwini nyuzipepala, mwini nyumba imene ankagonamo ndi mwini ndende anali mmodzi, boma la Soviet Union. Panalibe kalonga wina wothawirako.

Opera yake, Lady Macbeth wa ku Mtsensk, inatuluka mu 1934 ndipo kwa zaka ziwiri inadzaza maholo ku Leningrad ndi ku Moscow, kuonetsedwa pafupifupi ka 200. Pa 26 Januwale 1936 Stalin, wolamulira dzikolo, anapita kukaionera, n'kutuluka isanathe. Patapita masiku awiri nyuzipepala ya chipani, Pravda, inatulutsa nkhani yopanda dzina la wolemba, yonena kuti imeneyi si nyimbo koma chisokonezo, n'kuchenjeza kuti masewera oterewa atha kutha moipa kwambiri. Shostakovich anali ndi zaka 29, mkazi wake ali woyembekezera. Chenjezolo silinali lapakamwa chabe. M'miyezi yotsatira mlamu wake anamangidwa, mlongo wake anathamangitsidwira ku Central Asia, apongozi ake aakazi anatumizidwa kundende ya kalavula gaga, ndipo mu Juni 1937 Marshal Tukhachevsky, mkulu wa asilikali amene ankamutchinjiriza, anawomberedwa. Symphony No. 4, yaitali, yaphokoso, yothera mumdima, anaichotsa mu Disembala 1936 oimba ali mkati moyeserera, ndipo inadikira zaka 25, mpaka 1961.

Yankho lake linali Symphony No. 5, yoimbidwa koyamba ku Leningrad pa 21 Novembala 1937, Yevgeny Mravinsky akutsogolera. Poiona kunja inali ndendende zimene chipani chinkafuna: magawo anayi aukhondo, nyimbo zogwirika, kuyamba mwachisoni n'kutha mwachipambano, njira yeniyeni ya Beethoven. (Zindikirani kuti boma la Stalin linkamuika Beethoven ngati chitsanzo choti onse atsatire.) Koma m'gawo lachitatu malipenga onse amakhala chete. Zimatsala zida za zingwe, zeze, zitoliro zolira chimodzichimodzi, kaimbidwe kake kokumbutsa mapemphero a maliro a mpingo wa Orthodox. M'holomo munali anthu ambiri amene abale awo anatengedwa usiku chaka chomwecho, oti sakanatha kulira maliro poyera, ndipo analirira pamenepo. Kuomba m'manja kunapitirira theka la ola.

Kenaka mathero. Malipenga akufuula, ng'oma zikugunda, zida za zingwe zikubwereza noti imodzi, A, kupitirira ka 200. Wotsogolera akaithamangitsa, monga anachitira Leonard Bernstein mu 1959, imamveka ngati chikondwerero chenicheni. Akaikoka pang'onopang'ono, monga ankachitira Mstislav Rostropovich, mnzake wa Shostakovich, noti ija imasanduka chikwapu, chisangalalo cha munthu amene walamulidwa kuti asangalale. Manoti ndi omwewo. Zonse ziwiri zili pa YouTube. Mverani mphindi zitatu zomaliza za iliyonse motsatizana, ndipo funso lanu lachiwiri mudzaliyankha nokha. Achipani anamva kulapa, ofedwa anamva maliro, ndipo panalibe wapolisi wotha kuloza mzere n'kunena kuti mlandu uli apa. Pali buku lina lotuluka mu 1979, lodzitcha mawu ake enieni, limene limati chisangalalocho n'chokakamiza. Akatswiri anapeza kuti masamba ena a bukulo anatengedwa m'nkhani zake zakale zosindikizidwa, choncho ine sindilidalira, ndipo sindikuona kuti tikulifuna.

Nkhondo itabwera, boma lomwelo linamusandutsa mbendera. Leningrad itazingidwa ndi asilikali a Germany, anthu mazana a zikwi akufa ndi njala, orchestra ya wailesi mumzindamo inatsala ndi oimba pafupifupi 15 otha kunyamula chida. Anawaonjezera chakudya, anatolera asilikali odziwa kuimba, ndipo pa 9 Ogasiti 1942 Karl Eliasberg anatsogolera Symphony No. 7, mizinga ya Soviet itayamba yaphulitsa malo a adani kuti akhale chete, zokuzira mawu zitalozetsedwa kwa iwo. Chaka chomwecho manoti ake anajambulidwa pa kafilimu kakang'ono n'kudutsa ku Tehran ndi ku Cairo mpaka ku New York. M'gawo loyamba muli kanyimbo kopepuka, kachibwana, koyamba ndi kang'oma chapansipansi, kobwerezedwa ka 12 mpaka kusanduka chilombo. Onse anati ameneyo ndi Hitler. Mwina ndi iyedi. Koma nyimboyo siitchula dzina, ndipo anthu a mumzindawo ankadziwa chilombo china chimene chinayambanso chapansipansi.

Nkhondo itatha aliyense ankayembekezera Symphony No. 9 yaikulu, ya kwaya, yotamanda Stalin ndi chipambano. Iye anabweretsa kanthu ka mphindi pafupifupi 25, konthabwala ngati ka Haydn. Mu Febuluwale 1948 chipani, kudzera mwa Andrei Zhdanov, chinamudzudzula poyera pamodzi ndi Prokofiev, Khachaturian ndi ena kuti akupeka zosamveka kwa anthu wamba. Anachotsedwa uphunzitsi ku Moscow ndi ku Leningrad, nyimbo zake zambiri zinaletsedwa, ndipo anaimirira pamsonkhano n'kuthokoza chipani chifukwa chomudzudzula. Kuchokera apo ntchito zake zinakhala milu iwiri. Za pagulu zinali nyimbo za m'mafilimu otamanda Stalin, ndi Song of the Forests ya 1949, yotamanda ntchito ya boma yodzala mitengo, imene inalandira Stalin Prize. Za m'kabati zinali Violin Concerto No. 1 ndi nyimbo za ndakatulo za Chiyuda, zimene sizinamveke pagulu mpaka 1955, poti zinapekedwa pamene boma linkasaka Ayuda otchuka. Mnzanuyo akamati woombera m'manja akunena mulu woyambawo, ndipo muluwo ulipodi. Koma nyimbo imodzi sachezera gule.

Pali kachizindikiro kamene mungakayese pa keyboard ya kutchalitchi: D, E flat, C, B. M'kalembedwe ka manoti ka Chijeremani zimenezi ndi D, S, C, H, zilembo zoyamba za dzina lake. Manoti anayiwa amalira mu Symphony No. 10 ya 1953, chaka chimene Stalin anafa, ndipo ndi amene amanga String Quartet No. 8 yonse, imene anaipeka m'masiku atatu mu 1960 pafupi ndi Dresden. Pachikuto inaperekedwa kwa anthu ofa ndi fascism ndi nkhondo. Koma m'kalata yopita kwa mnzake Isaak Glikman analemba kuti waipeka podzikumbukira yekha, poti akadzafa mwina sipadzapezeka womupekera. Chaka chomwecho ndi chimene analowa chipani cha Communist moumirizidwa, Stalin atafa kalekale, ndipo anzake ena zinawawawa kwambiri. Mu 1962 anaika m'nyimbo ndakatulo ya Yevgeny Yevtushenko yonena za Babi Yar, chigwa cha ku Kyiv kumene a Nazi anapha Ayuda oposa 33,000 m'masiku awiri mu 1941, nkhani imene boma silinkafuna kuti ikambidwe motero. Mravinsky anakana kutsogolera, oimba besi amene anasankhidwa anazemba, koma nyimboyo inaimbidwa. Mu 1973 dzina lake linaoneka pa kalata yodzudzula Andrei Sakharov, wasayansi wotsutsa nkhanza za boma. Zonsezi ndi za munthu mmodzi.

Amene ine ndimawafunsa mafunso olimba ndi aja anali ndi khomo lina lotulukira. Sergei Prokofiev anachoka ku Russia mu 1918, anakhala ku America ndi ku France, n'kubwerera ndi banja lake mu 1936, chaka chomwe Pravda inakantha mnzake, poganiza kuti kutchuka kwake kudzamutchinjiriza. Mu 1939 anapekera Stalin nyimbo ya tsiku lobadwa, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti ndi yokoma. Mu 1948 mkazi wake woyamba, Lina, anamangidwa n'kukhala kundende zaka 8. Prokofiev anafa pa 5 Malichi 1953, tsiku limodzi ndi Stalin, ndipo imfa yake inamira m'maliro enawo. Ku Germany, Richard Strauss, wa zaka 69, wolemera ndi wotchuka dziko lonse, anavomera mu 1933 kukhala mkulu wa bungwe la nyimbo la a Nazi. Anachotsedwa mu 1935 a Gestapo, apolisi achinsinsi a Nazi, atagwira kalata yake yopita kwa Stefan Zweig, Myuda amene ankamulembera mawu a opera. Mkazi wa mwana wa Strauss analinso Myuda, ndipo anamuteteza pamodzi ndi adzukulu ake. Komatu pamene ankavomera udindo uja, anzake monga Arnold Schoenberg anali atachotsedwa kale ntchito n'kutuluka m'dzikomo.

Ife amene tinakula m'nthawi ya chipani chimodzi sitifunika kufotokozeredwa zambiri apa. Lamulo lounika zolemba ndi zisangalalo linabwera mu 1968, wailesi inali imodzi, khadi la chipani linkafunsidwa pamsika ndi pokwera basi, ndipo wandakatulo Jack Mapanje anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Tikudziwa kuti ambiri amene ankavina ndi kuimba pabwalo sanali opusa kapena oipa mtima, ndiponso kuti wofuna kunena chinthu ankachikulunga m'mwambi. Sindikuti Malawi anali Soviet Union, kuchuluka kwa ophedwa kumeneko n'kosayerekezeka. Ndikungoti funso loti "bwanji sanakane?" limapepuka pakamwa pa munthu amene sanafunsidwepo khadi. Ndiye mukakumana naye mnzanuyo mumuuze kuti Beethoven ankakhulupiriradi ufulu ndi mtima wonse, koma palibe anamulipiritsa kanthu. Shostakovich anagonja kambirimbiri pakamwa ndi pa siginecha, koma anthu a m'dziko lake amene analibe polirira ankapita kukamva iyeyo.

Chatsala chimodzi, chokhudza nyimbo yopanda mawu. Poti siitchula dzina, ikachoka m'manja mwa mwini wake aliyense amaitola. Mu Epulo 1942 Wilhelm Furtwängler anatsogolera Symphony No. 9 ya Beethoven ku Berlin pokondwerera tsiku lobadwa la Hitler, nduna yake yofalitsa nkhani, Goebbels, ili pompo. Mu 1972 Council of Europe inatenga kanyimbo ka m'gawo lomaliza, kopanda mawu, kukhala nyimbo ya Ulaya, ndipo mu 1985 atsogoleri a European Community anachita chimodzimodzi. Pa Khirisimasi ya 1989 Bernstein anaitsogolera ku Berlin khoma litangogwa. Ndipo kwa anansi athu kuno, mu 1974 boma la Ian Smith ku Rhodesia, limene linkakaniza anthu akuda ambiri kuvota, linatenga kanyimbo komweko ka anthu onse pachibale, kuikamo mawu atsopano, n'kukhala nyimbo ya fuko mpaka 1979. Zimbabwe itabadwa mu 1980 inaimba Ishe Komborera Africa mpaka 1994, pa kaimbidwe kamene Enoch Sontonga anapeka ku Johannesburg mu 1897 ngati nyimbo ya Mulungu ya ana asukulu ya mishoni, komwenso Zambia ndi Tanzania amaimbira nyimbo zawo za fuko mpaka lero.